Mwana Wanu Afuna Lole Yaceyace: Werengani Musanatsegule Khola

M'midzi yambiri ya ku Petauke ndi ku Nyimba muli mabanja amene mwana wao ayendetsa lole ya kampani. Ena anyamula mkuwa wa ku migodi, ena mafuta, ena feteleza ndi simenti. Pakutha pa mwezi alandira malipiro, natumiza pang'ono kumudzi. Tsono limafika tsiku limene mwanayo abwera kudzaona makolo, ndipo madzulo, atatha kudya, ayamba nkhani yace. Akuti watopa ndi kulemeretsa eni kampani. Wapeza lole imene angathe kuitenga mwa pangano, ndi kumalipira mwezi ndi mwezi. Cimene casowa ndi ndalama yoyamba cabe. Pamene anena mau amenewa, maso ace ali ku khola.

Nkhani ino talembera inu eni khola, atate, amai ndi amalume, amene mudzafunsidwa kugulitsa ng'ombe. Talemberanso inu alimi nonse amene mudzakweza matumba anu pa lole imeneyo.

KATUNDU ALIPO, NJANJI PALIBE

Poyamba tinene zoona: mwanayo sanalakwe kuganiza motero. Dera lathu lino liri ndi katundu wambiri, koma liribe njanji. Njanji imene inafika ku Chipata kucokera ku Mchinji m'caka ca 2010 siifika kuno. Thumba liri lonse la cimanga, mtedza, soya kapena mpendadzuwa lotuluka kwa Kalindawalo, kwa Mumbi, kwa Ndake kapena kwa Nyalugwe, ngati lipita ku Lusaka, liyenera kukwera galimoto ndi kutsata mseu umodzi womwewo wa Great East Road, kutsikira ku Luangwa ndi kukwera mapiri a tsidya lija.

Akuluakulu akumbukira malole a Thatcher and Hobson amene anali kuyenda pakati pa Lusaka ndi Fort Jameson pa mseu wa fumbi, ndi kampani ya Central African Road Services imene inalowa m'malo mwace. Ulalo woyamba wa pa Luangwa unamangidwa m'caka ca 1932 ndi ndalama za Beit Trust. Umene tiolokapo lero unatsegulidwa mu 1968. M'zaka za m'ma 1950 bungwe la alimi la Petauke Co-operative Marketing Union linamveka mbiri pogula mtedza wa m'midzi. Masiku amenewo mwana wa kumudzi anali dalaivala, kapena mnyamata wokweza matumba. Mwini lole kawirikawiri anali kampani, mwini sitolo, kapena bungwe. Pambuyo pace kunadza NAMBOARD, imene inagula mbeu kuyambira 1969 kufikira 1989. Itapita 1991 Boma linatsegula malonda a mbeu kwa anthu onse, ndipo lamulo la 1995 linakhazikitsa bungwe la Food Reserve Agency, limene inu mulidziwa ndi dzina lakuti FRA. Lero ogula ali ambiri, ndipo wogula ali yense asowa womunyamulira. Khomo limene linali lotsekeka kwa ambuye ace latseguka kwa mdzukulu.

Koma khomo lotseguka silinena kuti m'nyumba muli nsima.

MAPANGANO ALI MITUNDUMITUNDU

Mau akuti "ndatenga lole mwa pangano" abisa zinthu zosiyana, ndipo inu muyenera kufunsa kuti ndi citi mwa izi.

Pangano lina ndi lobwereka cabe. Mwini apatsa dalaivala lole, dalaivala alipira ndalama yakuti yakuti mwezi uli wonse, ndipo zaka za pangano zikatha lole ibwerera kwa mwini. Lina ndi lobwereka mogula: alipira mwezi ndi mwezi, ndipo akatsiriza malipiro onse lole ikhala yace. Linanso ndi la banki kapena kampani yobwereketsa ndalama: iwo ndiwo agula lole, dalaivala nabweza ndalamayo pamodzi ndi ciongola dzanja. Pa mapangano onsewa pali cinthu cimodzi cofanana. Kufikira tsiku la malipiro otsiriza, lole si ya mwana wanu. Angathe kulemba dzina la mudzi wanu pa citseko cace ndi utoto wofiira, koma kalata ya umwini, imene madalaivala aicha white book, ndiyo inena zoona.

Cifukwa cace funsani kalata ya pangano, ndipo iwerengedwe mokweza pabwalo, ndi munthu wodziwa Cingelezi bwino amene alibe gawo m'nkhaniyo. Mumve mayankho a mafunso awa. Akalephera kulipira mwezi umodzi kapena iwiri, cicitika n'ciani? Mwini akalanda lole, kodi ndalama zimene zinalipidwa kale zibwerako, kapena zapita zonse? Injini ikafa, akonza ndani? Kodi aloledwa kunyamula katundu wa munthu ali yense, kapena wa kampani yomubwereka yokha? Funso lotsirizali ndi lalikuru koposa. Ngati kampani ndiyo ipereka lole, ndiyo ipereka katundu, ndiyonso iika mtengo wonyamulira, pamenepo mwana wanu sanacoke pa nchito. Akali wa nchito, koma tsopano dizilo ndi matayala agula yekha.

ZIMENE KAMPANI INALI KULIPIRA IYE OSAONA

Dalaivala wa kampani aona ndalama imene bwana alandira pa ulendo umodzi, naiyerekeza ndi malipiro ace, mtima numpweteka. Cimene saona ndi njira zimene ndalamayo iturukira. Tayala likaphulika pa Kacholola, iye aimba foni ku ofesi, nakhala pamthunzi kudikira. Lole ikagona m'galaja masabata awiri, malipiro ace a mwezi sacepa. Pa malipirowo kampani icotsa 5 pa 100 kupita ku NAPSA, niwonjezapo 5 yaceyace, kuti adzadye atakalamba. Tsiku limene acoka pa nchito zonsezi zileka.

Kuyambira tsiku limenelo iye ndiye alipira msonkho wa mseu, kuyesetsa galimoto ndi laisensi yonyamulira katundu ku RTSA; inshuwalansi ya lole ndi ya katundu wa eni; kulembetsa dzina la malonda ace ku PACRA; nambala ya msonkho ku ZRA, popeza ogula akuluakulu sapatsa nchito munthu wopanda mapepala. Pa mseu pali zipata zolipira, monga ca Alexander Grey Zulu kufupi ndi Nyimba ndi ca ku Chongwe, ndipo alipira popita ndi pobwera, lole iri yodzala kapena yopanda kanthu. Pali sikelo ya pamseu, pamene wolemetsa katundu kupyola muyeso alipitsidwa. Pali mnyamata wa palole amene ayenera kudya ndi kulandira. Mtengo wa dizilo nawo sukhala malo amodzi: m'caka ca 2022 bungwe la ERB linayamba kuulengeza mwezi ndi mwezi, ndipo munthu amene anapangana mtengo wonyamulira mu Meyi angathe kuona kuti pofika Ogasiti mtengowo sukwanira.

Walira mvula walira matope. Sitinena kuti asalire mvula. Tinena kuti adziwe kuzama kwa matopewo.

TIWERENGE NDI MATUMBA

Mlimi adziwa kuwerenga matumba kuposa kuwerenga za m'mabuku a banki, tsono tiyeni tiwerenge motero. Mitengo isintha caka ndi caka, koma kawerengedwe aka sikasintha.

Lole yonyamula matani 10 itenga matumba 200 a makilogalamu 50. Kucokera ku Petauke kufika ku Lusaka pali makilomita pafupifupi 400. Kupita ndi kubwera, 800. Tiyerekeze kuti lole imeneyi imwa lita imodzi ya dizilo pa makilomita anai. Ulendo wonse idzamwa malita 200. Onani tsono: matumba 200, malita 200. Ngati lole ibwera yopanda kanthu, thumba liri lonse la cimanga lasenza lita yathunthu ya dizilo, tisanawerenge tayala, cipata, cakudya kapena malipiro a mwini lole. Koma ikabwera ndi simenti, malata, mcere, shuga kapena feteleza wa eni masitolo a pa boma, katundu wobwererayo alipira gawo lace la dizilo, ndipo thumba la cimanga lisenza pafupifupi theka cabe.

Apa ndipo pagona phindu lonse la nchito imeneyi. Ulendo wopita ulipira mseu. Ulendo wobwera ndiwo udyetsa ana. Cifukwa cace mufunse mwana wanu, osati kuti adzanyamula ciani popita, pakuti cimanga aciona ali yense, koma kuti adzanyamula ciani pobwera, ndiponso ca yani. Achule maina a eni masitolo a ku Petauke, a ku Nyimba, a ku Minga kapena a ku Sinda amene walankhula nao kale. Akayankha kuti katundu adzapezeka konko, dziwani kuti sanawerenge. Ku Lusaka malole oyembekeza katundu wa kum'mawa ali ambiri, ndipo amene wagona masiku atatu alola mtengo uli wonse kuti angopeza dizilo yobwerera.

Kuwerenga kwaciwiri ndi kwa miyezi. Mwini lole kapena banki afuna malipiro kakhumi ndi kawiri pa caka. Koma caka ca katundu kuno ndi cacifupi. Matumba ayamba kuturuka m'midzi mu Meyi ndi Juni, nacuruka kufikira Okutobala. Mu Okutobala ndi Novembala muli feteleza ndi mbeu zobzala. Kuyambira Januwale kufikira Epulo nkhokwe ziri zopepuka, mitsinje yadzala, ndipo miseu ya kumidzi, ya ku Ukwimi, ya kwa Luembe, ya kwa Mwape, isanduka phala. Tikati miyezi ya nchito yeniyeni ndi isanu ndi umodzi, ndiye kuti mwezi uli wonse wa masika uyenera kubala malipiro awiri: ace, ndi a mnzace wa m'dzinja. Dalaivala wozolowera kulandira pakutha pa mwezi sadziwa mwambo umenewu. Inu alimi muudziwa, popeza mukolola kamodzi ndi kudya caka conse. Pa cinthu ici ndinu aphunzitsi ace, ndipo musacite manyazi kumphunzitsa. Ndalama ya mu Julai ioneka yambiri m'thumba. Theka lace ndi la Febuluwale.

Ndipo pali caka cimene masika safika konse. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cagwetsa dziko m'tsoka, ndipo cimanga ca dziko lonse caka cimeneco cinangokwana matani pafupifupi 1.5 miliyoni. Caka cotsatira, 2025, cinapitirira matani 3.6 miliyoni. Lole ndi yomweyo, malipiro a pamwezi ndi omwewo, koma katundu wa caka cimodzi sanafike ngakhale theka la wa cinzace. Munthu wotenga pangano la zaka zitatu kapena zinai ayenera kuyembekeza kuti cimodzi mwa izo cingakhale ca cilala. Kalata ya pangano siidziwa mvula.

LOLE YOKHA

Malole ambiri amene munthu wa ndalama zocepa angathe kufikira ndi ogwirapo kale nchito kwina, ena kunja kwa dziko. Utoto watsopano ubisa zambiri. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Asatenge lole imene makaniko wodziwa sanaione pansi ndi m'kati, ndipo makanikoyo asankhe iye, osati wogulitsa. Afunsenso ngati zitsulo zace zipezeka ku Chipata kapena ku Lusaka. Lole yoyembekeza citsulo cocokera kutali mwezi wa Julai yataya malipiro awiri, monga tawerengera.

Kukula kwa lole nako kuganiziridwe. Mnyamata wozolowera lole ya matani 30 aona manyazi kuyendetsa yaing'ono. Koma yaikuruyo ifuna matumba 600 kuti idzale, siingalowe m'miseu ya kumidzi, ndipo ipikisana ndi makampani a malole ambiri. Yaing'ono ifika pa khomo la mlimi, itola matumba ku misika ya m'midzi kupita ku madepoti a pa boma, inyamula nthoci za ku Nyimba, mcenga ndi njerwa za omanga, ndipo igwira nchito ina m'miyezi imene yaikuru iri cigonere. Ife tiganiza kuti woyamba kumene ayambe ndi yaing'ono.

Mseu waukuru kucokera pa ulalo wa Luangwa kupita kum'mawa unakonzedwa bwino m'zaka za pambuyo pa 2013, ndipo uyesa munthu kuthamanga. Koma mapiri a Manenekera ndi zitsiko za ku Luangwa sizinasinthe, ndipo zafuna mabuleki abwino kuyambira kale. Dalaivala wa kampani akatopa agona. Dalaivala wa ngongole akatopa aganiza za tsiku la malipiro, napitirira usiku. Akatero aika pa ngozi lole, matumba a eni ndi moyo wace, ndiponso ng'ombe zanu zimene zinagula loleyo.

KATUNDU WOKOMA MTENGO

M'miyezi ya njala ya katundu kudzafika anthu ndi mtengo wokoma. Wina ali ndi makala, wina mitengo ya mukula, wina nkhumba kapena ng'ombe, ndipo onse afuna kuyenda usiku. Lamulo la nkhalango la 2015 lifuna kuti wonyamula makala kapena matabwa akhale ndi kalata ya cilolezo, ndipo galimoto yogwidwa popanda kalatayo ingathe kulandidwa. Ziweto nazo siziyenda popanda kalata ya a zoweta, makamaka nkhumba za kuno kum'mawa, cifukwa ca cigodola. Pa ulalo wa Luangwa pali cipata, ndipo njira ina yozungulira palibe. Mwini makala ataya matumba ace ocepa, napita kwao. Mwana wanu ataya lole imene si yace, koma ngongole yace itsala.

Cinthu cinanso: ogula akuluakulu salipira tsiku lomwelo. Alemba kalata yakuti katundu wafika, ndipo ndalama ibwera patapita masabata, nthawi zina miyezi. Koma wogulitsa dizilo sadikira. Cotero munthu asathere ndalama yace yonse pa malipiro oyamba a lole. Pakhale ina yogulira dizilo ya maulendo angapo, ndi ya matayala awiri.

KWA ABALE

Tsopano tinene za ife eni, pakuti malole ambiri safera pa mseu, afera pa mudzi. Lole ikafika, mudzi wonse uti "yathu". Pagwa maliro, lole ipite kukatenga anthu. Pali cinkhoswe, lole. Pafika mwambo wa Tuwimba, lole. Amalume ali ndi matumba makumi atatu, ndipo kulipitsa amalume ndi mwano. Zoonadi maliro ndi maliro, ndipo palibe munthu wolongosoka angakane. Koma banja lipangane poyera, lole isanafike, kuti ali yense wokwezapo katundu athira dizilo, ngakhale mfumu ya mudzi, ngakhale apongozi. Amalume ndiwo anene mau amenewa pamaso pa onse, popeza mwana sangathe kuwanena kwa akulu ace.

Pakhalenso buku. Ulendo uli wonse ulembedwe: tsiku, makilomita, malita, zipata, ndalama yolandira. Malisiti asungidwe m'citini. Nthawi zambiri mkazi wa dalaivala ndiye asunga bwino buku lotere, pakuti iye ali pa nyumba pamene mwamuna ali pa mseu, ndipo iye ndiye ayamba kuona ufa ukacepa. Ndalama ya lole isasakanizidwe ndi ya pa nyumba. Dalaivala adzilipire yekha malipiro a pamwezi, monga kampani inali kumlipira, ndipo zotsala zikhale za lole.

Ngati mutamva zonsezi mwavomera kuthandiza, gulitsani ng'ombe zimene mungathe kutaya popanda kugona ndi njala. Ng'ombe zapagoli zisaturuke m'khola, ndi zazikazi zobala zisathe. Munda, nyumba ndi ngolo musaziike cikole, ndipo musasaine dzina lanu monga mboni yolipira pa kalata imene simunamve mau ace onse. Lole ikalephera, mwana wanu adzafuna pobwerera, ndipo pobwerera pace ndi munda umenewo.

Mwina nkwabwino kuti ayambe wakhala pa nchito caka cimodzi cina, akulemba m'buku lace mtengo wa ciri conse cimene kampani igulira lole yace, ndi kusunga ndalama yoyamba yekha. Acoke pa nchito mwaulemu, ndi kalata yabwino, popeza bwana wakale angathe kukhala woyamba kumpatsa katundu. Ndipo lole aitenge mu Epulo kapena mu Meyi, pamene matumba ayamba, osati mu Disembala.

KWA INU OKWEZA MATUMBA

Mwini lole wa kwanu ndi wa phindu kwa inu, ngati mumgwiritsa nchito mwanzeru. Lole yoyenda mudzi ndi mudzi kutola matumba asanu pano, khumi apo, imwa dizilo yambiri, ndipo dizilo imeneyo mulipira ndinu. Koma alimi makumi awiri a m'bungwe limodzi, ali yense ndi matumba khumi, adzaza lole ya matani 10 pa malo amodzi tsiku limodzi, ndipo mtengo wa thumba utsika. Bungwe lomwelo likapangana kuti feteleza wace abwere pa lole yomweyo, mwapatsa mwini lole katundu wobwerera, ndipo muli ndi mphamvu yopempha mtengo wabwino koposa.

Mtengo upanganidwe pa thumba, lole isanasunthe, ndipo ulembedwe. Matumba awerengedwe pokweza pamaso pa anthu awiri a bungwe, ndipo mmodzi akwere nao kufikira ku sikelo. Musakakamize dalaivala kuwonjeza matumba kupyola muyeso wa lole, ngakhale atsala asanu okha pansi. Konzani pa mitsinje ndi pa madambo a mseu wanu mvula ikangoleka, monga mucitira ndi njira ya ngolo.

Nkhani ya zonyamulira ikambidwe pa msonkhano wa bungwe wa mwezi wa Epulo, cimanga cikali m'munda. Itanani mlangizi wa zaulimi wa dera lanu, ndi mwini loleyo, abwere ndi buku lace.